Waya Amene Ndinakana Kulumikiza

Ku komponi, Joni
18 Januwale 1987

Okondedwa amake Ruti,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, Ruti ndi amayi anu. Ine kuno ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi chimene sichisowa pa mgodi. Achimwene anu a Paulo nawonso ali bwino, anenepa, ndipo akupereka moni.

Nkhani ndi yakuti andichotsa pa fosholo. Mzungu woyang'anira magetsi, amene anthu kuno amamutcha Kaliwo chifukwa kaliwo sachoka pakamwa pake, anandipeza ndikuwerenga zolembedwa pa chitseko cha makina, nandifunsa ngati ndikumva zimene ndikuwerengazo. Nditamufotokozera anakandipempha ku ofesi kuti ndikhale womuthandiza. Malipiro akwera pang'ono chabe, musauze anthu kuti ndakhala injiniya. Ndimanyamula zida, kupukuta fumbi ndi kuyang'anira nyali.

Mufunsa kuti nyali zanji. Miyala ikatuluka pansi imagayidwa, kenaka imayenda pa lamba wamkulu wa mphira, wotalika ngati kuchokera pakhomo pathu kukafika ku tchalitchi cha Malindi. Lambayo amakokedwa ndi mota yaikulu kuposa ng'ombe. Motayo imalamulidwa ndi bokosi lachitsulo, lalitali ngati kabati, limene amalitcha inveta. Bokosili ndilo limapereka magetsi ku mota mwa muyeso, kuti iyambe pang'onopang'ono, ithamange kapena ichepetse liwiro. Koma ntchito yake ina ndi ulonda. Likaona kuti mota yayamba kutentha, limayatsa nyali yachikasu ndi kuliza hutala. Limenelo ndi chenjezo chabe, lamba amapitiriza kuyenda. Anthu akapanda kuchepetsa katundu, kutentha n'kufika poopsa, limayatsa nyali yofiira ndi kudula magetsi lokha. Zikatero lamba amaima, ndipo sangadzuke mpaka munthu atatsegula bokosi ndi kiyi, n'kuona chimene chavuta, n'kudina batani. Kiyi mmodzi Kaliwo wandipatsa ine, pakuti iye amayendera mabokosi ambiri. Wandibwerekanso buku la makinawa, ndipo ndikuliwerenga Lamulungu lililonse tikatuluka m'mapemphero.

Lamba amene ndikunenayu ndi wachitatu, ndipo kapitawo wake ndi a Paulo. Iwo akondwa, akuti tsopano kiyi ali m'banja. Sindinamvetse bwino chimene amatanthauza, ndinangoseka nawo.

Ndatumiza ndalama kudzera kwa a Wenela amene anatilemba ntchito, mukatenge pa boma. Gulani makhadi a chipani msanga, lanu ndi la amayi, anyamata aja angakubwezeni pa chipata cha msika monga chaka chatha. Zotsalazo musungire oumba njerwa, ayambe mvula ikatha. Ndamva kuti chimanga chakwera mtengo chifukwa cha anthu othawa nkhondo amene akulowa pa Chiponde. Chathu musagulitse ngakhale dengu limodzi.

Ndine mwamuna wanu,
Jenkins


1 Malichi 1987

Amake Ruti,

Moni kwa inu nonse kumeneko. Ndakondwa kumva kuti malungo a Ruti anatha ndipo wabwerera kusukulu. Ine ndili bwino. Kalata yanu inafika, koma envulopu inali yomatidwa kawiri. Palibe kanthu. Amene anaiwerenga m'njira wadziwa mtengo wa usipa ku Malindi, mwina zimuthandiza.

Lamba wachitatu wayamba kuvuta. Pa shifiti imodzi amaima kangapo, ndipo akaima tiyenera kudikira kuti mota izizire ndisanadine batani. Anthu a pa lamba amalandira bonasi malinga ndi miyala imene yadutsa, choncho lamba akaima m'matumba mwawo mumapepuka. Akuti bokosi ndi lamantha, limakomoka ndi kanthu kochepa. Ine ndinafuna kudziwa zoona zake. Ndinagwira giyabokosi imene imalumikiza mota ndi lamba, dzanja silinakhalitsepo. Bering'i yake, chitsulo chothandiza kuti izizungulira mofewa, yadyeka, ndiye mota ikukoka molemedwa. Lamba akadzuka, anthu amathira miyala yambiri kuti abweze nthawi yotayika, mota n'kutenthanso msanga kuposa poyamba. Kaliwo anayeza ndi zida zake napeza zomwezo. Analembera a ku ofesi, iwo akuti giyabokosi yatsopano ifika mu Juni. Bokosi silikunama.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti nyali yachikasu imayaka koma hutala samveka. Nditakwera pa makwerero ndinapeza wina atalowetsa sokosi m'kamwa mwa hutala. Mwini wake anadziulula yekha, ndi Yasini wa ku Katuli, munthu wosatha nthabwala. Anati anaichapa, ndipo malo ouma bwino pa mgodi wonse ndi omwewo. Ndinaichotsa. M'mawa mwake ndinapezamo inzake. Ndinam'bwezera zonse ziwiri, ndinamuuza kuti zakwana, tsopano avale.

Dzulo achimwene anu anandiitanira pambali. M'kati mwa mota muli kachipangizo komva kutentha, ndipo kamauza bokosi kudzera m'mawaya awiri. A Paulo amva kuti ku mgodi wina anthu amalumikiza mawaya awiriwo ndi kawaya kena, bokosi n'kumaganiza kuti mota ndi yozizira nthawi zonse. Lamba saimanso.

"Alamu," anatero, "kawaya kotalika ngati chala basi. Adziwa ndani?"

Ndinawayankha kuti mota idziwa. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti njira ina ilipo. Nyali yachikasu ikayaka achepetse miyala kwa kanthawi, lamba saima, ndipo pakutha pa tsiku miyala yodutsa ichuluka kuposa tsopano. Anati sanabwere kudzaphunzira samu. Tinasiyana bwinobwino, koma moni wa lero m'mawa unali waufupi.

Izi musawauze amayi. Ndakugulirani nsalu ziwiri ndi bulangete, ndidzabwera nazo ndekha chifukwa za pa positi zimachepa m'njira. Ngalawa ija ngati asodzi a ukonde wa chilimila akuifuna abwereke, koma gawo lathu la nsomba lizibwera tsiku lomwelo, osati mawa.

Ndine mwamuna wanu,
Jenkins


26 Epulo 1987

Amake Ruti,

Ndikhulupirira kuti Pasaka munadya bwino ndipo nonse muli moyo. Ine thupi lili bwino. Kuno kwayamba kuzizira.

Ndilembe ndekha nkhaniyi isanafike kwa inu itathiridwa mchere. Mukudziwa kuti ife a ku Mangochi kuno tili ndi bungwe la maliro, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo timakumana kamodzi pa mwezi pansi pa mitengo ya bulugamu kuseri kwa komponi. Wapampando ndi Che Atumani, mkulu wochokera pa boma pa Mangochi amene wakhala ku Joni kuyambira ine ndisanamere ndevu. Lamulungu lapitali, titatha za bungwe, a Paulo anaimirira nati ali ndi dandaulo la m'banja.

Anati iwo ndiwo anandipatsa mlongo wawo, anandilozera munda ndi malo omangapo nyumba pamudzi pawo, ananditengera ku Joni ndili ndi buluku limodzi. Zonsezi n'zoona, sindinatsutse. Kenaka anati lero mkamwini wakula mwendo, akumvera bokosi la azungu kuposa mwini mbumba, ndipo ana a anthu onse a pa lamba akugona ndi njala chifukwa cha iye. Anandiuza kuti ndinene pamaso pa onse kuti ndichita chimene anandipempha.

Mwambo ndimaudziwa. Mkamwini akauzidwa mawu pagulu ndi mwini mbumba amawomba m'manja n'kunena kuti wamva, zotsala amakakambirana kuseri. Anthu onse ankadikira zimenezo, ndipo Che Atumani anali atayamba kale kupinda mkeka wawo. Koma kuwomba m'manja pamenepo kukanakhala kulonjeza kuti Lolemba ndikalumikiza waya. Ndinati:

"Alamu, za munda, za mwana, za maliro, ndilamuleni ndipo ndidzamvera. Za bokosi lija ayi. Buku lake ndaliwerenga ine, inu simunaliwerenge."

Che Atumani anasiya kupinda mkeka uja. Woyamba kutsegula pakamwa anali Yasini, anati bokosi lija lapeza nkhoswe yolimba kuposa ya mlongo wa a Paulo. Ena anaseka, a Paulo sanaseke. Anatola chipewa chawo n'kuchoka.

Kuyambira tsiku limenelo ndikudya ndekha. Zina zing'onozing'ono zikuchitika m'chipinda, monga kupeza madzi m'jombo m'mawa kozizira, koma si zoyenera kuwonongera sitampa. Akutinso ndine kazitape wa azungu. Mawu amenewo kuno masiku ano si opepuka, ndipo zimene zimachitikira munthu wotchedwa choncho kunja kwa mpanda sindilemba. Musade nkhawa. Ndimayenda masana, ndipo anthu akwathu amakwiya ndi pakamwa kuposa ndi manja.

Chimanga mukakolola musachedwe nacho m'munda, anyani a kuphiri sadikira. Mundijambulire phazi la Ruti pa pepala, muliike m'kalata yanu, kuti ndimugulire nsapato zomukwana.

Ndine mwamuna wanu,
Jenkins


31 Meyi 1987

Amake Ruti,

Moni. Ndathokoza Mulungu kumva kuti muli bwino m'thupi, ngakhale kalata yanu ikuonetsa kuti mumtima simuli bwino. Ine chifuwa chabwereranso ndi chisanu, koma ndikugwira ntchito. Phazi la Ruti ndaliona, lakula kuposa mmene ndimaganizira.

Ndawerenga zonse. Amalume anu a Gordon anakuitanani, nawerenga kalata ya a Paulo pamaso pa amayi ndi abale ena. Aletsa oumba njerwa, ati munthu wapaulendo samumangira nyumba. Atinso ndikapanda kugonja kontirakiti isanathe, mphasa yanga ikaperekedwe kwathu ku Mpondasi. Inu mukuti ndipepese, ndichite zimene achimwene akufuna, pakuti kawaya kamodzi sikangapose banja.

Ndikuyankheni ndi zimene ndikudziwa, zomva mumtima ndiziike pambali. Lamba akaima palibe tambala imene azungu amandiwonjezera. Bonasi imene a Paulo akutaya nanenso ndikuitaya. Mota ija ili pakhomo pa ngalande yofoleredwa, mmene lamba amayambira, pansi pa mulu wa miyala. Khomo ndi limodzi lomwelo, ndipo mphepo imalowera mkati. Pambali pa mota pali mafuta a giyabokosi, pamwamba pake pakudutsa mphira. Tengani tayala lakutha, muliponye pamoto m'khitchini mwanu, mutseke chitseko, muone ngati mungakhalemo. Anthu amagwira ntchito m'ngalandemo, ndipo amene amaima mkati kwenikweni, poyang'anira pogwera miyala, ndi achimwene anu. Izi ndinawauza. Anati akhala pa lamba zaka zambiri ndipo sanaonepo mota ikuyaka. N'zoona sanaione, chifukwa nthawi zonse magetsi amadulidwa isanayake.

Kupepesa ndinayesa. Ndinapita kwa a Paulo ndi Che Atumani, ndinagwada, ndinati mawu aja a buku anali achipongwe pagulu, andikhululukire. Anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsa kuti, "Nanga waya?" Ndinati waya ayi. Anati ndiye ndabweretsa chikho chopanda madzi.

Musaganize kuti ndaima ndi azungu. Giyabokosi ya mu Juni ija tsopano akuti ya mu Seputembala. Ndinamuuza Kaliwo pamaso kuti amene akulanda anthu bonasi ndi a ku ofesi, pakuti chovuta akuchidziwa koma akuumira ndalama. Sanakane. Anangoti iye walemba kawiri ndipo nayenso ali ndi ana. Aliyense kuno ali ndi ana.

Za njerwa musakangane nawo amalume, zisiyeni, dothi silithawa. Koma mphasa yanga ikhale pomwe ili. Ukwati wathu unamangidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri ndiponso m'tchalitchi, sungamasulidwe ndi kalata ya munthu mmodzi wokwiya. Ngati inu nokha mwatopa nane, mundilembere ndi dzanja lanu, ndidzamva. Za ena sindimva.

Ndine mwamuna wanu,
Jenkins


21 Juni 1987

Amake Ruti,

Moni. Khalani pansi musanapitirize, koma musalire maliro, palibe amene wamwalira. A Paulo ali moyo, akuyankhula, akudya. Apsa manja onse awiri mpaka m'zigongono, ndipo ali m'chipatala cha mgodi.

Ndinene mwadongosolo. Chifuwa chija chinandigwetsa m'mawa wina ndisanavale, ananditengera kuchipatala ndikunjenjemera. Ovololo yanga inatsala pa msomali m'chipinda, kiyi wa bokosi ali m'thumba. Lachinayi masana, ine ndili chigonere, mota ya lamba wachitatu inayaka. Nyali yachikasu sinayake, hutala sanalire, yofiira nayonso sinayake. Lamba anayenda mpaka mafuta anagwira moto, mphira n'kugwiranso. Anthu anathawa podutsa pambali pa motowo, onse anatuluka kupatula Yasini amene anagwa ndi utsi mkati. A Paulo anali atatuluka kale. Anabwereramo, nakankha ndi manja zidutswa za lamba woyaka zimene zinatseka njira, namukoka Yasini mpaka panja. Izi ndamva kwa anthu osiyanasiyana ndipo onse akunena chimodzimodzi. Muwauze amayi zimenezi poyamba, pakuti n'zoona ndipo ayenera kuzidziwa.

A Paulo ndinawaona akuwalowetsa m'wodi yoyandikana ndi yanga. Yasini watuluka kale m'chipatala, mawu okha ndiwo asasa. Nthabwala sanayambe.

Kaliwo anabwera kudzandiona. Akuti atatsegula bokosi anapeza kawaya kofiira kolumikiza mawaya awiri aja. Nditatuluka m'chipatala dzulo ndinapeza kiyi ali mu ovololo momwemo, koma m'thumba lina, osati limene ndimasungamo. Andiimitsa ntchito mpaka nkhani itafufuzidwa.

Zina ndidzanena pakamwa. Mwezi uno ndalama sizibwera. Ngati pafunika, gulitsani tonde uja.

Jenkins


12 Julayi 1987

Amake Ruti,

Moni kwa inu, Ruti ndi amayi. Ine ndachira. A Paulo mabala akupola, koma dokotala akuti zala sizidzapindanso bwino, ndipo ntchito ya mgodi kwa iwo yatha.

Anandiitana kukaonekera kwa azungu atatu ofufuza. Ndinawauza za bering'i, ndi kuti giyabokosi inapemphedwa kalekale mvula ikugwa. Zimenezi sanalembe, mpaka nditabwereza ndi kufunsa ngati cholembera chatha inki. Kenaka anafunsa za waya. Ndinati sindinaike ine, ndinali m'chipatala. Anafunsa kuti anaika ndani, ndinati sindinaone. Wamkulu wawo anafunsa ngati alipo amene ankafuna kuti lamba asamaime. Ndinati onse ankafuna, anthu a pa lamba, akapitawo, ndi a ku ofesi omwe. Anati ndinene amene ndikumuganizira. Ndinayankha kuti anandiitana kudzanena zimene ndikudziwa, zoganiza aliyense ali nazo zake.

Lamulo la kuno lili motere. Munthu wovulala pa ntchito amalandira chipukuta misozi, koma akapezeka kuti ndiye anasokoneza chitetezo cha makina, salandira kanthu. Tsopano akuitana anthu a pa lamba mmodzimmodzi, ndipo onse ali ndi mantha kuti wina atsegula pakamwa.

Che Atumani anabwera kwa ine ndi mawu a bungwe. Ati ntchito yanga yatha kale chifukwa cha kiyi, palibe chimene ndingatayenso. Ndikanene kuti ndinaika waya ndine ndisanadwale, nkhani itsekedwe, a Paulo alandire zawo. Bungwe lidzalembera a Gordon kuti ndine mwana wa pakhomo, ndipo za mphasa zidzaiwalika. Mkuluyu sananene mwankhanza. Anati munthu amasenza mtolo wa mlamu wake, ndi mmene akhalira kuno zaka zonsezi.

Ndinakana. Ndinati dzina la wina sindipereka chifukwa sindinaone, langa sindipereka chifukwa sindinachite. Ndinawauzanso kuti ndikavomera, lamba akadzakonzedwa wina adzalumikizanso waya, podziwa kuti zikavuta pali mkamwini wosenza. Che Atumani anati ndili ndi mutu wabwino koma ndidzafa ndekha. Mwina.

Ndikudziwa chimene kukanaku kungabale. Wina akaulula, a Paulo adzabwera kwanu opanda manja ndiponso opanda ndalama, ndipo mudzati ndikanatha kuwapulumutsa ndi bodza limodzi. Ndaganizira bwino zimenezi, ndipo yankho silinasinthe.

Ndimapita kukawaona a Paulo kuchipatala. Masiku oyamba ankatseka maso ndikalowa. Lachisanu anandifunsa osandiyang'ana:

"Mwanena?"

"Ndanena zimene ndinaona."

"Munaona chiyani?"

"Waya wofiira. Ameneyonso ndinachita kuonetsedwa ndi Kaliwo."

Anatembenukira kukhoma. Ndinawasendera lalanje, anadya.

Ndine mwamuna wanu,
Jenkins


2 Ogasiti 1987

Okondedwa amake Ruti,

Moni nonse. Tili bwino, ine ndi a Paulo. Kalatayi ndapatsira munthu wa ku Namwera amene akunyamuka mawa, choncho ifika ife tisanafike.

Yanu ndalandira. Mwalemba kuti mawu a Che Atumani anafika kwa amalume anu, ndipo atamva kuti ndakana, banja linakhala pansi n'kugamula kuti ndisapondenso pamudzi. Mwalembanso kuti anakuuzani kuti mumange katundu wanga, inu n'kuyankha kuti chingwe mulibe. Mzere umenewo ndauwerenga kangapo. Ndipo mwafunsa kuti ndikuuzeni inu nokha ngati anaika waya ndi achimwene anu. Amake Ruti, chimene ndinauza azungu ndi Che Atumani ndicho ndikuuzani inunso. Sindinaone. A Paulo akubwera, mudzawafunse.

Chigamulo chatuluka. Anthu onse a pa lamba anati sakudziwa kanthu, choncho alemba kuti waya anaikidwa ndi munthu wosadziwika. A Paulo alandira chipukuta misozi chawo. Ine andichotsa ntchito chifukwa cha kiyi, ndipo sadzandilembanso pa mgodi uno. Giyabokosi ya mu Seputembala ija inapezeka moto utangozima, pamodzi ndi mota yatsopano. Lamba wachitatu akuyenda.

A ku ofesi anafunsa amene angaperekeze wodwala mpaka kwawo, pakuti a Paulo sangamange batani la malaya, sangagwire supuni kapena chikwama. Anzawo a pansi pa bulugamu anayang'ana pansi. Makontirakiti awo sanathe, ndipo sindikuwadzudzula. Wopanda ntchito ndine ndekha. Choncho ndine ndikuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa. Sitiyankhulana zambiri. Dandaulo lawo n'lakuti ndimawadyetsa mofulumira ngati ndikuthira miyala pa lamba.

Tibwera pa ndege ya a Wenela mpaka ku Chileka, kenaka basi ya ku Mangochi. Tiyembekezeni Loweruka la pa 15.

Amalume anu muwauze motere. Chigamulo chawo ndachimva. Koma munthu uyu sindimusiya pa siteji ngati thumba la chimanga, ndiponso sindimutula pa malire a mudzi kuti ayende yekha. Ndidzalowa naye masana, pa njira yaikulu, mpaka pakhonde pa amayi ake, ndipo ndidzapereka moni kwa apongozi anga monga mwa mwambo. Ndikatero ndidzapita kunyumba kwanga kukasamba. Amene akufuna kundichotsa aitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo pabwalopo ndidzanena zomwezi zimene ndanena kuno, osachotsa, osawonjezera.

Pamene ndikulemba a Paulo akhala pambali panga. Ndawawerengera ndime ya pamwambayi. Atamva ati ndiwalembereko mawu, popeza cholembera sangagwire. Ndikulemba monga akunenera:

"Amalume, ndine Paulo. Katundu wa alamu anga asakhudzidwe. Nkhani ya waya musaikambenso mpaka ndifike, ndidzaikamba ndekha pamaso pa amayi ndi mlongo wanga Hana. Muphe nkhuku ziwiri, tikubwera anthu awiri."

Chimene adzakambe sindinawafunse. Pansipa adinda ndi chala chachikulu cha kumanzere, chokhacho chimene moto unachisiya.

Ndine mwamuna wanu,
Jenkins